Mutu Wotsiriza wa Buku la Aphunzi

Lolemba, 6 Okutobala

Ndapita ku yunivesite kukatenga katundu wa Aphunzi, malemu akazanga. Miyezi yonseyi ndimangozengereza. Mu ofesi mwawo ayamba kale kuunjikamo makatoni a anthu ena. Pachitseko dzina achotsa, patsala timabowo ta misomali. Ndatenga kapu, nsapato zosinthira, mkeka wa swala umene unkakhala kuseri kwa kabati, ndi duwa la m'chitini lomwe lauma. Khonde lonse lija, osapezeka ndi mmodzi yemwe wolithirira.

Ndikuti ndizituluka, sekilitale akuti Mkulu wa dipatimenti akundifuna. Anandilandira ndi manja awiri. Tiyi, mabisiketi. "Bambo, tataya mzati." Ndinathokoza. Kenako nkhani yake: buku limene akazanga anasiya, yunivesite ikufuna kulisindikiza kuti lituluke pa tsiku lowakumbukira mwezi wamawa. Chatsala n'choti ine mwamuna wawo ndisaine. Mtima unangoti myaa. Zaka zonse zija akulimbana nalo!

Ndiye anakhosomola. Akuti mutu wotsiriza auchotsa. "Sukumveka ngati iwo, Bambo. Ife tawawerenga zaka zambiri, kalembedwe kawo timakadziwa." Kenako, maso ali pa bisiketi: "Kodi anataipa ndani mutu umenewu?"

Ndinati ndine. Manja awo anali atafooka, ankanena, ine n'kumalemba. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene watulukira pomwe mbewa ikulowera.

Sindinasaine. Ndinati ndikaganize kaye. Ndinamvetsa ndili kale m'basi chimene ankatanthauza. Akuti ndinalemba ndine. Ine wokonza makina osokera, amene sukulu inandithera pa fomu thuu.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kushopu. Makina a telala wa pakona ndawamasula, ndawamanganso, osadziwa kuti ndakonza chiyani.

Kalembedwe kawo timakadziwa. Chabwino. Ine ndinawadziwa akuphunzitsa ku pulayimale. Anabwera pano ndi makina a amayi awo odumpha ulusi, n'kundilongosolera vutolo, choyamba, chachiwiri, chachitatu, mpaka ndinafunsa ngati pali mayeso. Dzina la Aphunzi linayambira pamenepo. Anadzakhala dokotala wa zamaphunziro, kenako pulofesa, koma kunyumba anali Aphunzi basi. Atapita kunja kukaphunzira ndinatsala ndi mwana, ndikumuluka tsitsi lokhota, akusekedwa kusukulu. Akuluakulu aja anali kuti?

Ntchito yawo inali mawu: mmene munthu amalankhulira kapena kulembera kuti mnzake amve, mwina asinthe maganizo. Atayamba ku yunivesite anawapatsa kalasi ya ana a chaka choyamba, yowaphunzitsa kulemba. Palibe amene ankaifuna. Anzawo ankati ndi kuchapa matewera. Iwo anawachapa mpaka mapeto, atakwezedwa kale, anthu akuwauza kuti asiyire achinyamata. Mapepala a ana ankadzaza thebulo lathu, ine ndinkadyera pamiyendo.

Mitu yoyambirira ya bukuli ine imandiposa, sindikana. Koma wotsirizawu ndimaumva, ndipo mwina mlandu wake ndi umenewo. Akunenamo kumene anaphunzirira ntchito yawo. Akuti si kunja. Ndi kumbali ya azimayi mu mzikiti, kuseri kwa katani, kumene ulaliki umafika kudzera pa sipika yakale. Mlaliki akakuwa, sipika imangopokosera, azimayi samva kanthu. Akalankhula motsitsa, mawu onse amafika. Ndiye pamasitepe, pofunafuna nsapato, azimayi aja amaumasula ulaliki wonse, uyu akuti apa wanena zoona, uyu akuti apa akanafunsa kaye mkazi wake. Akuti sukulu yawo yoyamba inali masitepe amenewo.

Kenako akudzidzudzula okha. Akuti zaka zambiri kuntchito ankalemba ngati munthu wopanda Mulungu, kuti awawerengere. Ndipo ana ankawaphunzitsa chimodzimodzi, kuti polemba azikoleka chipembedzo ndi kwawo panja ngati jekete lamvula. Akuti pamenepo analakwa. Muli ndime ina ya munthu amene anawayamikira pa msonkhano kuti, "Inu timachita kuiwala kuti ndinu Msilamu." Dzina sanatchule. Ine ndikumudziwa, chifukwa tsiku limenelo anabwera kunyumba osadya. Ndi amene anandipatsa mabisiketi dzulo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Nesi waimba pa nthawi yake yopuma kuchipatala. Mwana wathu mmodzi yekhayu, mawu ake ngofanana ndi a amayi ake pa foni, ndimayamba ndakhala pansi. Mkulu anamuimbiranso iye. Ochenjera.

"Ababa, sainani. Buku loperewera mutu umodzi ndi buku ndithu. Mukakana, lidzawolera m'katoni." Ndinamufunsa ngati mutuwo anauwerenga. Ayi. Akuti sangathe panopa.

Kenako anati, "Mwinatu munkawathandiza apo ndi apo, Ababa. Si tchimo."

Ndinati pabwera kasitomala. Panalibe munthu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Titatuluka ku swala, Mlamu anandikola pamasitepe nsapato imodzi ili m'manja. Mchimwene wawo wa Aphunzi, wa mu komiti ya mzikiti. Ine ndi iwo timangopirirana kuyambira kale. Sanaiwale kuti mlongo wawo wophunzira anakwatiwa ndi munthu wa girisi m'zikhadabo.

"Alamu, ndamva kuti mlongo wanga watisiyira moto m'buku." Nesi anawauza, ndipo anawatumizira mutuwo pa foni. Iwo anawerenga. Akuti uchoke. "Zakumzikiti zimathera kumzikiti. Mufuna anthu akunja azitiseka kuti azimayi athu amaweruza mashehe pamasitepe? Ndiponso sipika ija tinasintha kalekale!" Nkhani ya sipika yawawawa zedi, chifukwa woyang'anira zamagetsi mu komiti ndi iwowo.

Ndinati sanasinthe, anangoimata tepi. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala.

Akuti, "Pakamwa pamene paja ndinapadziwa ali mwana. Ngakhale ali m'manda sakutipatsa mpumulo."

Ndaganiza njira yonse. Pa anthu onse, amene sakukayika kuti analemba ndi Aphunzi ndi mmodzi yekha, ndipo nayenso akufuna mutuwo ufe.

Lamlungu, 12 Okutobala

Ndachapa makatani a kuchipinda. Mawilo a makina a mpweya anasiya mizere pansi, sikuchoka.

Ndilembe mmene zinkakhalira, poti palibe wina wondifunsa. Tinkagwira ntchito m'mawa, akamwa mankhwala, mphamvu zisanathe. Iwo atatsamira mapilo, kapaipi m'mphuno, ine pa mpando wa pulasitiki, laputopu pamiyendo. Ndimataipa ndi zala ziwiri. Ankati, "Bambo wa makina, nkhuku ikutola chimanga imakuposani." Mapapo anali atatha. Ankanena mawu ochepa, n'kuima, n'kudikira mpweya. Poyamba ankayesa ziganizo zawo zija zazitali, zokhala ndi nthambi, koma ankafika pakati n'kutsamwa, nkhope kuda. Tsiku lina anati, "Basi. Chiganizo chizitha pomwe mpweya wathera." Ndiye ziganizo zinafupika. Nkhani yonse ndi imeneyi.

Koma mutu unali wakuthwa ngati singano. Ndime iliyonse ndinkawawerengera mobwereza. Tsiku lina ndinalemba "ndinkachita mantha" pamene iwo ananena "ndinkachita ulemu". Anandiimitsa ndi chala. "Mantha ndikanakhululukidwa. Ine unali ulemu, ndi umene ukundichititsa manyazi. Konzani." Munthu ameneyu akanandilola ine kumuikira mawu m'kamwa? Ngakhale mchere sindinkathira popanda chilolezo.

A kuntchito anawaletsa kubwera. Sanafune kuti awaone ali choncho. Anandiuza kuti, "Akafunsa muziti ndikulemba." Sanali kunama.

Ndiye ndikaulula za mpweya, ndawavula pamaso pa anthu amene anawabisalira. Ndikapanda kuulula, ndine wakuba wolowetsa mawu anga m'buku la womwalira.

Lolemba, 13 Okutobala

Kwabwera mlendo kushopu, mtsikana wa magalasi aakulu amene ankakonda kubwera kunyumba akulemba digiri yake. Aphunzi ankangomuti Wamagalasi. Tsopano ndi iye akuphunzitsa kalasi ya matewera. Anakhala pa benchi pakati pa makina akufa, chikwama atachikumbatira.

Akuti Mkulu anamutuma kuti ayerekeze mutu wotsiriza ndi mitu inayo. Anatulutsa mapepala opaka mitundu, apa chikasu, apa wobiriwira. Akuti ziganizo zakale zimayenda ngati sitima, zamu mutu uwu zikudumpha ngati chule. Mawu a sukulu achepa. Dzina la Mulungu, limene m'mitu inayo mulibe, muno lili paliponse.

"Koma Bambo, ine ndikawerenga ndimawamva. Nthabwala zake ndi zawo." Ndinati ndiye ukanene zimenezo. Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi mpango. Akuti kumva si umboni. Anafunsa ngati tinajambula mawu pa foni, kapena ngati panali wina m'chipindamo. Ayi. Tinali awiri. Munthu akamadwazika mkazi wake saitana mboni.

Potuluka anati kontirakiti yake imatha Disembala, ndipo woisainira ndi Mkulu yemweyo. Sindinamuimbe mlandu. Ndinamupatsa duwa louma lija, akuti mwina lingaphukenso, mizu ikadali yolimba.

Chandipweteka ndi mapepala opaka mitundu aja. Miyezi yathu yotsiriza, chikasu ndi wobiriwira.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ku yunivesite anandiitananso. Lero kunalibe mabisiketi. Mkulu, mayi wina wa kosindikiza mabuku, ndi Wamagalasi pakona maso ali pansi.

Mkulu analankhula bwino, ndi ntchito yake. Akuti iwo akuteteza mbiri ya mnzawo. Akuti anthu a m'mayiko ena adzawerenga, ndipo mutu umenewu udzatsitsa buku lonse, udzaoneka ngati ulaliki. "Mpango ankavala, inde, koma maganizo awo anali omasuka. Anali mmodzi wa ife." Ndinayang'ana mpango wa Wamagalasi. Iye anayang'ana nsapato zake.

Kenako anati, mwaulemu kwambiri, "Bambo, chikondi chimapangitsa munthu kumaliza zomwe mnzake sanamalize. Palibe akukuimbani mlandu."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Magazi anakwera. Ndinanena zonse. Kapaipi, kutsamwa, nkhope kuda, chiganizo kuthera pomwe mpweya wathera. Ndinachita kuwaonetsa ndi chifuwa changa mmene ankapumira. Mayi wa mabuku anagwira pakamwa. Ndinati tsopano amva.

Mkulu anatsamira kumbuyo. "Zikomo, Bambo. Ndiye ndi zimene ndikunenazo. Mpweya ukamachepa, ubongo nawo umavutika. Ndiponso munthu akaona imfa amathamangira kwa Mulungu, n'zachibadwa. Si pulofesa amene akulankhula apa, ndi matenda."

Amathamangira! Munthu amene mkeka wake unali kuseri kwa kabati, khoma limodzi ndi ofesi yake yomweyo, zaka zonsezi. Ankaganiza kuti masana akatseka chitseko ankagona?

Tsono akuti andichitira chifundo. Njira ziwiri. Mutu uchoke, kapena ukhale kumapeto ndi mawu ochenjeza owerenga kuti unalembedwa wolemba akudwala kwambiri, mothandizidwa ndi mwamuna wawo, ndipo usatengedwe ngati mbali ya ntchito yawo yaukatswiri. Ndiyankhe pofika Lolemba, osindikiza akudikira.

Ndinawapatsa chinthu chimene Aphunzi anabisa, iwo n'kusula nacho mpeni.

Lachinayi, 16 Okutobala

Sindinatsegule shopu. Mundikhululukire, Aphunzi.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ku swala ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi katani. Shehe anakuwa. Sipika ya azimayi ndinaimva ikupokosera. Ndinaseka ndekha, munthu wa pambali n'kundiyang'ana.

Loweruka, 18 Okutobala

Mlamu abwera kushopu, chinthu chimene sanachitepo. Anakana kukhala, akuti girisi angadetse mkanjo. Amafuna kudziwa ngati ndasaina. Ndinati posachedwa zofuna zawo zichitika, a ku yunivesite nawonso sakuufuna mutuwo. Anati alhamdulillah, nthawi zina ophunzira amaganiza bwino.

Ndiye ndinawauza chifukwa chake. Kuti akuti ndinalemba ndine.

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Inu? Inu amene pobwera kudzapempha mlongo wanga munalephera kumaliza moni, bambo mpaka kufunsa ngati muli ndi chibwibwi?" Ndinawasiya aseke. Ndi zoona.

Kenako ndinawauza zinazo. Kuti ngati si ine ndiye ndi matenda, ubongo unali utasokonekera, anathamangira kwa Mulungu chifukwa cha mantha. Kuseka kunatha. Anakhala pa benchi, za girisi ataiwala.

"Anena kuti chiyani?"

Ndinabwereza.

"Mlongo wanga anayamba swala asanathothoke mano. Ine ndi amene ankandidzutsa ndi madzi ozizira. Lero munthu wa tayi akuti anamudziwa Mulungu pa bedi?" Anapukusa tasibihi, mikanda yawo yopempherera, mwaukali ngati akuithyola. Kenako anati mutuwo sakugwirizana nawobe, ndi wamwano, ndipo za sipika ndi zabodza. "Koma mwanowo ndi wake. Palibe amene angamulande."

Akuti Lolemba tipitira limodzi. Ndinati sikofunika. Akuti sanandifunse.

Lolemba, 20 Okutobala

Tapita. Mlamu mu mkanjo woyera wosita, mafuta onunkhira khonde lonse. Sekilitale anati Mkulu akuyembekezera munthu mmodzi. Mlamu anati, "Ndiye adabwe."

Sindikudziwa ngati anandithandiza kapena anandionongera. Analankhula osapuma. Anauza Mkulu kuti mutuwo ndi wolakwika kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuti ukunyoza akuluakulu, kuti akanakhala moyo akanamuuza pamaso. Mkulu anayamba kumwetulira, akuganiza kuti wapeza mnzake. Kenako Mlamu anamenya thebulo. "Koma mawu amenewa anawanena kwa bambo athu ali kamtsikana, mbale zili m'manja, mpaka anagona ndi njala. Mpweya unali wokwanira tsiku limenelo! Inu mwamudziwa liti?"

Mkulu anati akulemekeza maganizo a banja, koma yunivesite ili ndi muyezo wake. Njira ndi ziwiri zomwe zija. Anandisunthira pepala ndi cholembera.

Ndinafunsa funso limodzi lokha, limene ndinakonzekera m'basi. Ndinati, kodi ndime ija ya munthu amene ankaiwala kuti iwo ndi Msilamu, munaiwerenga? Anati anaiwerenga. Ndinati, mukumudziwa? Anandiyang'ana m'maso, nkhope yoyera, n'kuti ayi, mwina ndi wa kunja. Ndipo ndinaona kuti sakunama. Anaiwaladi. Aphunzi anasenza mawu amenewo mpaka pa bedi la imfa, mwini wake osakumbukira n'komwe kuti anawanena.

Mkwiyo umene ndinabwera nawo unazizira, n'kusanduka chinthu china cholemera. Ndinabweza pepala. Ndinati bukuli si mkanjo woti mufupikitse manja. Lituluke lonse, popanda chenjezo, kapena mundipatse ndibwerere nalo.

"Bambo, mukudziwa chimene mukuchita? Popanda ife palibe amene adzalisindikize. Mukukwirira ntchito ya moyo wawo wonse."

Ndinati mwina.

Sekilitale anabweretsa katoni. Mlamu anailanda n'kuinyamula okha mpaka pa siteji, akutukwana masitepe. Tikudikira basi anati, "Mwachita zopusa, Alamu." Kenako anandigulira madzi.

Wamagalasi ndinamuona pawindo la kalasi. Sanatuluke.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Nesi waimba. Sanapereke moni. Akuti ndapha buku la amayi ake chifukwa cha kunyada. Akuti tsiku lowakumbukira lichitikabe, koma patebulo padzakhala maluwa okha. "Amayi anagwira ntchito ngati bulu kuti dzina lawo likhale pa shelefu, inu mwaliika pansi pa makina osokera."

Katoni ilidi pansi pa thebulo la makina. Mwina akunena zoona. Lero lonse ndimangoigunda ndi phazi.

Lachitatu, 22 Okutobala

Palibe waimba.

Lachinayi, 23 Okutobala

Masana ndikuthira mafuta makina, chitseko chinada. Nesi, mu yunifomu, maso ofiira chifukwa cha ntchito. Sanandiyang'ane. "Uli kuti mutu wakewo? Wa pa foni ndinaufufuta osawerenga. Ndione chimene mwatiphera buku."

Ndinamupatsa. Anakhala pa benchi. Ine ndinapitiriza ndi makina amene anali atatha kale.

Ankawerenga mofulumira, mwaukali, akunyambita chala. Pa nkhani ya sipika anatulutsa kamphuno. Kenako anayamba kuchedwa. Ndinadziwa pamene akuyandikira, chifukwa muli ndime ya iyeyo, ndipo sindinamuuzepo. Aphunzi akunena za tsiku lina mwana wawo ali ku pulayimale, pamene mwanayo anawapempha kuti akamabwera kudzamutenga azidikira kunja kwa geti. Akuti anadziwa kuti mwanayo akuchita manyazi ndi mpango wawo, ndipo anamvera, anadikira kunja chaka chonse osafunsa.

Nesi anadzuka, mapepala ali m'manja.

"Si mpango! Ababa, sunali mpango! Anakangana ndi ahedi pamaso pa sukulu yonse za mmene amalankhulira pa asembule. Ana ankanditi mwana wa loya. N'chifukwa chake!" Anawerenganso. "Zaka zonsezi ankaganiza zimenezi? Amayi awa! Munthu wophunzitsa anthu kufunsa mafunso, osandifunsa ine?"

Anayenda mpaka pakhomo, n'kubwerera. Akulira, koma mokwiya, akukangana ndi pepala ngati mwini wake ali kukhitchini. "Kuuma mutu! Nthawi zonse kudziwa okha!"

Kenako ndinati, ngati ndimeyo ikunama za iwe, imeneyo ndiye tingachotse. Uli ndi ufulu.

Anakumbatira mapepala pachifuwa ngati ndikufuna kumulanda.

"Musakhudze. Alakwitsa okha."

Anakhalanso pa benchi n'kutembenuza tsamba.